Mafunso a Owerenga: Kukonza nyumba ya makolo popanda kuisintha nkhope

Makalata angapo amene afika mwezi uno kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu akufunsa za nyumba zakale zimene makolo anasiya, choncho ndawaika pamodzi. Monga mwa chizolowezi cha tsamba lino, mayina a olemba sitinawasindikize.

Funso: Agogo anga aamuna, amene anali mphunzitsi, anamanga nyumba ya njerwa zootcha kuno ku Bembeke m'zaka za m'ma 1950. Njerwazo anamangira dothi, ndipo nyumbayo ili ndi khonde mbali zitatu komanso chumuni pabalaza. Tsopano m'munsi mwa makoma mukunyowa, njerwa zina zikufumbutuka, ndipo mmisiri amene ndinamuitana akuti timate pulasitala wa simenti kunja konse, kenako tipake penti wa mafuta. Mtima wanga ukukana, chifukwa ndikuona kuti nyumbayo idzakhala ngati ya eni. Kodi ndichite chiyani? *Mayi wa ku Bembeke, Dedza*

Yankho: Mayi, mtima wanu sukukunamizani, ndipo ndikukupemphani kuti mmisiriyo ayambe waima kaye musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti. Sindikumunyoza ayi, pakuti iye akunena zimene anazolowera pomanga nyumba za masiku ano, zimene pamwamba pa maziko amayalapo pepala lapulasitiki loletsa madzi a m'nthaka kukwera m'khoma. Nyumba ya agogo anu inamangidwa ndi nzeru ina. Njerwa zootchedwa pa uvuni wa kumudzi ndi zofewa, dothi limene lili pakati pake ndi lofewa koposa, ndipo zonse ziwiri zimamwa madzi m'dzinja n'kuwatulutsanso dzuwa ndi mphepo zikabwerera. Odziwa nyumba zakale amati khoma lotere limapuma, ndipo kupuma kumeneku ndiko kwaisunga nyumbayo zaka zoposa 60.

Simenti ndi youma gwa, ndipo salola chinyezi kudutsa msanga. Mukamata nayo khoma lotere, madzi ochokera pansi amasowa potulukira, amakwera m'mwamba kufunafuna njira, mpaka amakatulukira m'kati mwa nyumba, kuseri kwa kabati kapena kumutu kwa bedi. Kunjako pulasitala amachita timing'alu tosaoneka bwino, mvula imalowa m'menemo koma osatulukanso. Pakapita zaka zochepa pulasitalayo amayamba kulira ngati ng'oma mukamugogoda, ndipo tsiku limene adzagwe adzagwa ndi nkhope ya njerwa. Ndinaziona zimenezi panyumba ina ya m'banja lathu lomwe, pamene tinamata khoma la kumvuma ndi simenti poganiza kuti tikuiteteza, ndipo khoma lomwelo ndi limene linayamba kuwonongeka pamene ena atatu amene sitinawakhudze anali chilili. Penti wa mafuta amachita chimodzimodzi, chifukwa amavala khoma ngati lipepala.

Ntchito yoyamba ndi kudziwa kumene madziwo akuchokera, ndipo imeneyi simafuna ndalama. Mvula yamphamvu ikadzagwa, tengani ambulera muzungulire nyumba yonse. Onani pamene madzi a padenga akugwera, ngati akuthovukira kukhoma, ngati akuima penapake, ndiponso ngati madzi a kumtunda akutsetserekera kunyumba, poti kwanu ku Bembeke ndi kwa zitunda. Kawirikawiri mudzapeza kuti nthaka ya kunja inakwera pang'onopang'ono chifukwa cha dothi lobwera ndi madzi, zinyalala za posesa ndi mabedi a maluwa amene anaikidwa mogundana ndi khoma. Nthaka ya kunja iyenera kukhala yotsika kuposa pansi pa m'nyumba ndi masentimita 15 kapena kuposerapo, ndipo ikhale yopendekekera kunja. Chotsani dothi lowonjezeralo mosamala, osafika povundukula maziko, sunthirani maluwa patali, ndipo kumtunda kumbani ngalande yoti izilambalalitsa madzi. Mukatero lisiyeni khomalo chilimwe chonse kuti liume. Ufa woyera umene umatuluka panjerwa ndi mchere wa m'nthaka, ndipo muziusesa ndi burashi youma, chifukwa mukautsuka ndi madzi umabwereranso m'khoma.

Khonde lija musaliyese malo ongokhalapo madzulo. Ndilo chipewa cha makoma, ndipo ndikukhulupirira kuti mukayang'ana bwino mupeza kuti mbali imene ilibe khonde ndiyo yawonongeka kwambiri. Nyumba ya Mandala ku Blantyre, imene inamangidwa mu 1882 ndi njerwa ndi dothi, ikanali chiimire mpaka lero, ndipo aliyense amene anaionapo amakumbukira khonde lake lalikulu loizungulira. Choncho nsanamira ya khonde ikawola kapena lata la pakhonde likabooka, muyambe kukonza pamenepo.

Khoma likauma ndiye mubwezeretse dothi limene linakokoloka pakati pa njerwa. Mukhoza kubwezeramo dothi la mtundu womwewo, koma m'munsi mwa khoma, mmene mumamenyedwa ndi mvula, ndi bwino kuikamo laimu wosakaniza ndi mchenga. Laimu amauma pang'onopang'ono, amalola chinyezi kudutsa, ndipo ndi wofewa kuposa njerwa, kotero kuti pakakhala kuwonongeka amawonongeka ndi iyeyo, njerwa n'kutsala. Sachokera kutali, poti ku Balaka, kumapiri a Chenkumbi, anthu akhala akuotcha miyala ya laimu kwa zaka zambiri. Pogula munene momveka kuti mukufuna laimu womangira, chifukwa laimu wothira m'munda ndi mwala wongopera ndipo sagwira njerwa ngakhale pang'ono. Muviikeni m'mgolo wa madzi kwa masiku angapo mpaka akhale ngati phala lolimba, ndipo akakhalitsa m'madzimo ndi pamene amakoma. Muyezo wake ndi ndowa imodzi ya laimu pa ndowa zitatu za mchenga wa kumtsinje wosefa bwino. Laimu amawotcha khungu ndipo ndi woopsa m'maso, choncho wogwira ntchitoyo avale magolovesi ndi magalasi.

Mmisiri akolowole mizere ya pakati pa njerwa ndi kachitsulo ka m'manja kufika masentimita awiri, osagwiritsa ntchito makina odulira, amene amadya m'mphepete mwa njerwa. Anyowetse mzerewo, akanikizemo laimu mpaka adzaze, ndipo asapake pankhope pa njerwa. Pomaliza aphimbe ndi ziguduli zonyowa kwa sabata imodzi kuti asaume mofulumira. Miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti ndi yabwino pa ntchito imeneyi, chifukwa dzuwa la Okutobala limaumitsa laimu asanagwire. Njerwa imene yafumbutuka nkhope yokha ikhoza kuzulidwa n'kutembenuzidwa, mbali ya m'kati n'kuyang'ana kunja. Zimene zatheratu mulowetse zina zakale zochokera pabwinja la nyumba ya msinkhu womwewo, popeza njerwa za kale zimasiyana kukula ndi za lero. Kutero kukupulumutsaninso ku uvuni watsopano, umene umadya mitengo yambiri, ndipo paja ndi chifukwa cha mitengo yomweyo kuti kuyambira mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga zikuluzikulu. Mabuloko a simenti musawalowetse m'khoma lofewa ngati limeneli.

Ngati agogo anu sanapake kanthu kunja, njerwazo zisiyeni zioneke, pakuti imeneyo ndiyo nkhope imene mukuifuna. Ngati ankapaka njereza, bwererani ku njereza yomweyo, yosungunula bwino ngati mkaka, ndipo mupake katatu kapena kanayi mopyapyala, kudikira kuti iume musanabwereze.

Funso: Bambo anga anagula sitolo imene mmwenye wina anaisiya pochoka kuno m'zaka za m'ma 1970. Ili ndi khonde lalitali la nsanamira za njerwa, kutsogolo sitolo, kumbuyo zipinda zogona. Pangodya ina pali mng'alu wochokera pazenera kutsikira pansi. Taumata kawiri ndi simenti koma ukubwereranso. Ndikufunanso kugumula khoma la pakati kuti sitolo ikule. *Bambo wa ku Golomoti, Dedza*

Yankho: Bambo, masitolo amenewa ndi mbiri ya malo athu a malonda. Amwenye atalamulidwa ndi boma la nthawi imeneyo kuti achoke m'madera a kumidzi n'kukachita malonda m'mizinda ikuluikulu, anasiya nyumba za makonde aataliwa, mmene munkakhala atelala ndi makina awo, ndipo zambiri zagwa kale kapena zasinthidwa moti simungazizindikire. Ndasangalala kumva kuti yanu ikugwirabe ntchito.

Mng'alu umene ukubwerera mutaumata ukukuuzani kuti chimene chikuuyambitsa chikadalipo, ndipo kumata kachitatu n'kutaya simenti. Kwanuko, monganso kuchigwa cha Bwanje, malo ambiri ndi a dothi la makande, limene limafufuma likamwa madzi n'kunyala likauma, mpaka kuchita ming'alu yolowa dzanja m'chilimwe. Nyumba ya maziko osazama imakwera ndi kutsika pamodzi ndi dothilo, ndipo ngodya ndi imene imayamba kuonetsa. Mtengo waukulu woyandikira, makamaka bulugamu, umawonjezera vutoli chifukwa umamwa madzi a mbali imodzi yokha. Tisaiwalenso kuti dera lanu lili m'chigwa chachikulu cha nyanja, mmene zivomezi zimachitika, ndipo akuluakulu akukumbukira chivomezi cha mu Malichi 1989 chimene chinagwetsa nyumba zambiri ku Salima ndi madera oyandikana nawo. Ming'alu ina ya m'nyumba zakale inayamba nthawi ngati imeneyo n'kuima pomwepo, pamene ina ikuyendabe, ndipo mankhwala ake ndi osiyana.

Kuti mudziwe mtundu wa wanu, lembani mizere iwiri ya pensulo mbali zonse za mng'alu, muyeze mpata wake ndi rula, mulembe deti pakhoma pomwepo, ndipo muzibwereza mwezi uliwonse kwa chaka chathunthu kuti dzinja ndi chilimwe zonse zidutsepo. Ukamatseguka m'chilimwe n'kutsekeka m'dzinja, ndiye kuti ndi makande, ndipo chofunika ndi kuteteza nthaka yozungulira nyumba kuti isamanyowe kwambiri kapena kuuma kwambiri: madzi a padenga apite kutali, paipi yodontha ikonzedwe, ndipo mng'aluwo mudzaze ndi laimu, amene amalolera kusuntha pang'ono. Ukakhala kuti sukusintha, mmisiri achotse njerwa zosweka n'kulukanso khomalo ndi njerwa zathunthu zodutsa pamng'alupo. Koma ukamakulirakulira, ukapitirira mamilimita asanu, kapena khoma likayamba kupendekera kunja, musazengereze kuitana injiniya wa zomangamanga, ndipo m'chipinda chimenecho musagone munthu kufikira iye ataona. Ofesi ya zomangamanga ya kukhonsolo ya boma lanu ikhoza kukulozerani woyenera.

Za khoma la pakati ndikukuletsani. M'nyumba zomangira dothi, makoma a m'kati ndi amene amagwira makoma aatali a kunja kuti asagwe, ndipo nthawi zambiri mitanda ya denga imatsamira pomwepo. Kuligumula pamene ngodya ina ili kale ndi mng'alu ndi kuika moyo wa makasitomala anu pachiswe. Ngati malo akuchepa, boolani khomo limodzi lokhala ndi mtanda wolimba pamwamba pake, ndipo ngakhale limenelo injiniya ayambe walivomereza.

Funso: Zitseko ndi mazenera a nyumba ya malemu mayi anga ndi a matabwa olemera, koma m'munsi mwa mafelemu mwadyedwa ndi chiswe ndipo mazenera ena sakutsekeka. Ana anga akuti tichotse zonse tiike zachitsulo. *Mayi wa ku Lizulu, Ntcheu*

Yankho: Mayi, ana anu akufuna kukupeputsirani ntchito, koma auzeni kuti matabwa amenewo sangawapezenso pamsika. Ngati ndi olemera monga mukunenera, mwina ndi mlombwa kapena mbawa, mitengo imene makalipentala akale ankaikonda ndipo lero yasowa moti kudula kwake kumafuna chilolezo cha a zankhalango. Paini wa m'nkhalango zobzala za ku Dedza ndi wabwino pa ntchito zambiri, koma ndi wofewa ndipo chiswe chimamukonda akapanda kuthiridwa mankhwala. Komanso maonekedwe a nyumba amakhala kwambiri pa zitseko ndi mazenera. Mukasintha kukula kwa zenera kapena kuikapo felemu yachitsulo yopyapyala, anthu odutsa pamsewu sadzaizindikiranso kuti ndi nyumba ya mayi anu.

Tengani sukuludilaivala mubaye thabwa lililonse. Pamene ikulowa mosavuta ndi powonongeka, ndipo mudzaona kuti nthawi zambiri ndi chigawo cha m'munsi chokha, chotalika ngati chikhatho chimodzi kapena ziwiri. Kalipentala waluso amadula chigawo chimenecho mopendeketsa n'kulumikizapo thabwa lina la mtundu womwewo, limene lingachokere ku chitseko china chakale kapena bedi lothyoka. Zenera losatsekeka kawirikawiri vuto lake ndi mahinjesi otha, penti wochuluka kapena kufufuma ndi chinyezi, ndipo zonsezi zimakonzeka tsiku limodzi. Maloko ndi zogwirira zakale musataye, zitsukeni ndi kuzithira mafuta. Popala penti wakale samalani, chifukwa penti wambiri wa kale anali ndi mtovu, umene ndi poizoni makamaka kwa ana aang'ono ndi amayi oyembekezera. Nyowetsani popalapo kuti fumbi lisauluke, musawotche pentiyo ndi moto, ndipo zopalidwazo muzisonkhanitse n'kuzitaya kutali ndi ana ndi ziweto.

Chiswe chimachokera m'nthaka ndipo chimatsata chinyezi. Fufuzani timisewu take ta dothi m'makoma ndi kuseri kwa katundu, mutiphwanye nthawi zonse mukationa, ndipo chotsani nkhuni, zitsa ndi matabwa ogundana ndi nyumba. Thabwa lisakhudze dothi, ndipo pansi pa felemu pakhale mwala kapena njerwa youma. Matabwa atsopano ndi malo odulidwa apakeni mankhwala otetezera matabwa amene amagulitsidwa m'masitolo a hadiweya. Ambiri amathira oyilo wakutha wa galimoto, koma m'nyumba yogona anthu sindimulimbikitsa, chifukwa ndi wauve, amanunkha, ndipo thabwa lopakidwa oyilo silimagwiranso penti. Ngati nkhawa ya ana anu ndi akuba, zitsulo zotetezera zikhoza kuikidwa m'kati mwa zenera, lakale lili pomwepo.

Funso: Ndagula nyumba yakale pa boma la Dedza. Malata ake achita dzimbiri, khitchini yakunja inafoleredwa ndi asbestos (malata otuwa okhuthala ooneka ngati simenti), ndipo chumuni sichinagwire ntchito zaka zambiri. Ndiyambire pati? *Bambo wa pa Dedza boma*

Yankho: Yambirani padenga, bambo, chifukwa chilichonse chimene mungakonze m'kati denga likudontha mudzachikonzanso. Dzimbiri la pamwamba lisakuopseni. Malata akale ambiri ndi okhuthala kuposa a geji 30 kapena 32 amene afala masiku ano, poti nambala ya geji ikamakwera lata limapyapyala. Lata limene silinabooke likhoza kupalidwa ndi burashi yawaya, kupakidwa penti woletsa dzimbiri, kenako penti wa denga, ndipo misomali yogwedera isinthidwe. Obooka okha ndiwo achoke, ndipo olowa m'malo mwake akhale a mizere yozungulira ngati akalewo. Musalole mmisiri kuchepetsa kutsetsereka kwa denga kapena kufupikitsa mlomo wake pofuna kupulumutsa malata. Ali pamwambapo ayang'anenso mitanda ndi mapaso, ndipo denga limangiriridwe kukhoma ndi waya wolimba chifukwa cha mphepo za kumayambiriro kwa dzinja.

Asbestos akakhala wathunthu ndipo sakukhudzidwa, ngozi yake ndi yochepa, koma akasweka, kuchekedwa kapena kupalidwa amatulutsa fumbi limene limawononga mapapo ndi kuyambitsa khansa patapita zaka zambiri. Musamuboole, musamukwere, ndipo ngati achoke, achotsedwe wathunthu atanyowetsedwa, ndi anthu ovala zotchinga mphuno zoyenera. Zidutswa zake asaseweretse ana kapena kuyalidwa panjira, ndipo za kotayira funsani kukhonsolo.

Chumunicho chisungeni. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo amene anamanga nyumbayo ankachidziwa chisanu cha Juni ndi Julayi. Musanakolezemo moto, wina achotse zisa za mbalame ndi mwaye, kenako muyese ndi utsi wa udzu wochepa kuti muone ngati sukutulukira m'ming'alu ya kudenga, kumene ungayatse matabwa. Pamene chumuni chakumana ndi malata ndi pamene madenga ambiri amadonthera, choncho pakonzedwe bwino. Ndipo chisanu chikavuta chumuni chisanakonzedwe, musagone ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka, chifukwa mpweya wake umapha anthu ali m'tulo. Mawaya akale a magetsi achotsedwe onse ndi mmisiri wa chiphaso cha MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndipo atsopano adutse kudenga ndi m'mapaipi oyala pamwamba pa khoma m'malo mosema makoma ponseponse.

Funso: Agogo athu aakazi anamwalira chaka chatha n'kusiya nyumba imene tonse tinakuliramo. Amalume, amene ndi mwini mbumba, akuti tiigumule timange yamakono yokhala ndi bafa ndi chimbudzi m'kati. Ife adzukulu tikufuna itsale. Kodi pali lamulo loteteza nyumba zakale? *Mdzukulu wa kwa Ganya, Ntcheu*

Yankho: Lamulo lilipo, la Monuments and Relics Act la 1990, limene limayendetsedwa ndi nthambi ya boma yoona za malo osungirako zinthu zakale ndi zipilala. Limateteza malo ndi nyumba zimene zili ndi mbiri yofunika ku dziko, monga tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Ngati nyumba yanu ikukhudzana ndi mbiri ya ufumu, ya sukulu kapena ya mishoni zakale za m'dera lino, monga ya Nzama imene inayamba mu 1901 kapena ya Mua ya mu 1902, ndi bwino kuidziwitsa nthambiyo musanaikhudze. Koma nyumba wamba ya banja tsogolo lake lili m'manja mwa banjalo. Za amene ali ndi gawo pa chuma cha masiye zimatsata lamulo la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act la 2011, ndipo ofesi ya DC ikhoza kukufotokozerani mmene likukhudzira banja lanu.

Komabe, mwanawe, sindikufuna kuti nkhaniyi iyambire ku malamulo, chifukwa nyumba yopulumuka pa mlandu imatsala yopanda woisesa. Amalume anu ali ndi mfundo. Akuganiza za anthu okalamba amene akuvutika kutuluka usiku kupita kuchimbudzi, ndipo mwina akuopa kuti inu adzukulu muli kutauni ndipo mtolo wosamala nyumbayo udzagwera iwo. Mupite kwa iwo mwaulemu, pamodzi ndi amayi anu ndi azakhali ena a mbumbayo, mutanyamula zinthu ziwiri. Choyamba ndi ndondomeko ya ndalama, yolembedwa ndi mmisiri amene waiona nyumbayo, yoonetsa mtengo wokonza poyerekeza ndi wogumula n'kumanga ina, komanso zimene mdzukulu aliyense walonjeza kusonkha. Chachiwiri ndi njira yopezera zimene amalume akufuna. Bafa ndi chimbudzi zikhoza kumangidwa kumbuyo ngati kanyumba kapadera kolumikizidwa ndi kakhonde kofolera, kotsika kuposa nyumba yaikulu kuti kasaoneke kumaso. Kutero n'kwabwinonso ku nyumbayo, chifukwa mapaipi a madzi amakhala kutali ndi makoma omangira dothi, ndipo dzenje la chimbudzi liyenera kutalikirana ndi maziko.

Kaya zokambirana zitha bwanji, jambulani nyumbayo tsopano, mbali zonse, kunja ndi m'kati, muyeze zipinda, ndipo mukhale pansi ndi akuluakulu amene atsala akuuzeni amene anaumba njerwa, kumene kunachokera matabwa ndi chaka chimene anafolera. Zimenezi zidzathandiza mmisiri kudziwa chimene chinalipo poyamba ndi chimene chinawonjezedwa pambuyo pake.

Funso: Kodi nyumba ya mdindo yofolera ndi udzu nayo ndi yoyenera kuisunga, kapena zimenezi ndi za nyumba za njerwa zokha? Ya agogo anga ikadalipo koma m'munsi mwake mwadyeka. *Mtsikana wa ku Linthipe, Dedza*

Yankho: Ndi yoyenera kwambiri, ndipo mwa nyumba zonse zimene zatchulidwa pa tsamba lino, yanuyi ndi imene luso lake likutha msanga, chifukwa amene amadziwa kudinda khoma, kufolera bwino ndi kuzira akukalamba. Nyumba ya dothi imafunda m'chisanu ndipo imazizira m'chilimwe, zimene agogo anu akuzidziwa bwino kuposa ine.

M'munsi mwadyeka chifukwa cha madzi othovuka kuchokera padenga. Kumbani dothi pamalo pomwe anakumba lakale ngati akukumbukira, mulikande losalowa madzi ambiri, munyowetse podyekapo, ndipo muzimata pang'onopang'ono, kudikira kuti gawo loyamba liume musanawonjezere lina. Mukamata lonse tsiku limodzi limang'aluka n'kugwa. Simenti musayese n'komwe, chifukwa sigwirana ndi dothi. Kenako kwezaninso chiguwa chozungulira nyumba ndipo chizizilidwa chaka ndi chaka mvula isanayambe. Udzu umwetedwe utakhwima, m'miyezi ya Juni ndi Julayi moto wolusa usanadutse, ndipo denga likhale lotsetsereka kwambiri, lokhuthala, ndi mlomo wotuluka kunja mokwanira kuti madzi azigwera patali ndi khoma. Mapaso ndi nsungwi zofumbwa zisinthidwe nthawi yomweyo.

Ngati agogo anu ankakongoletsa makoma ndi dothi lamitundu, lofiira, lakuda ndi loyera, apempheni akulozereni kumene ankalitapa ndipo mukatape nawo limodzi. Kufupi ndi kwanuko, m'mapanga a Chongoni amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2006, muli zithunzi zimene makolo athu anajambula ndi dothi loyera, ndipo zakhalitsa chifukwa thanthwe la pamwamba limazitchinga ku mvula. Mukamaliza kufolera, dikirani kuti makoma aumiretu, muzire kawiri ndi mtsiro wosefa, ndipo zokongoletsazo zibwere pomalizira, chakumapeto kwa Seputembala.